Kiyibodi ikagona m'galimoto usiku wozizira

Gulu loimba likanyamuka ku Lilongwe mu Disembala kukaimba ku Manchester, ku Leicester kapena ku Dublin, limasiya kutentha kwa dzinja n'kukafika kumene usiku kumazizira mpaka madigiri 2 kapena 3, ndipo masiku ena kumatsika pansi pa ziro. Oimba amathamangira kugula majekete ndi zipewa, koma kiyibodi imagona m'galimoto panja. Madzulo a tsiku lotsatira anyamata amainyamula kulowa nayo mu holo yotenthetsedwa, amatsegula bokosi, kusomeka pulagi ndi kuyatsa nthawi yomweyo chifukwa anthu ayamba kale kulowa. Zambiri zimene anthu amati zawonongeka ndi chisanu zimawonongeka m'mphindi khumi zimenezi.

Kuzizira pakokha sikuvulaza kwenikweni kiyibodi yozimitsidwa. Zida izi zimachokera m'mafakitale a ku Japan, China, Indonesia ndi Sweden, ndipo zimayenda masabata angapo m'makontena opanda chotenthetsera chilichonse, koma zimafika m'sitolo zili bwinobwino. Choopsa ndi madzi amene amapangika mkati mwa chida chozizira chikalowa pamalo ofunda, makamaka ngati mwayatsa magetsi madziwo asanaume.

Kumene madziwo amachokera

Botolo la chakumwa likatuluka mufiriji masana a Okutobala limachita thukuta, koma madziwo sanatuluke m'botolomo. Achokera mumpweya. Mpweya wofunda umasunga nthunzi yambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 0, mpweya wodzaza kiyubiki mita imodzi sungasunge madzi opitirira magalamu 5. Pa madigiri 20 umasunga mpaka magalamu 17, ndipo pa madigiri 30 umafika pa magalamu 30. Mpweya wa mu holo ukakhudza chitsulo chozizira umazizira nawo, ndiye nthunzi imene sungathenso kunyamula imasanduka timadontho. Ndi mmenenso mame amagwera pa udzu mbandakucha.

Chipinda chilichonse chili ndi mlingo wake umene mamewo amayambira, umene a zanyengo amautchula dew point. Chinthu chozizira kuposa mlingowo chimanyowa, chofunda kuposa mlingowo chimakhala chouma. Mutha kuuwerengera pamtima ngati muli ndi kachipangizo koyezera kutentha ndi chinyezi, kaja kotsika mtengo kokhala ndi manambala awiri pa sikirini. Chotsani nambala ya chinyezi pa 100, gawani ndi 5, ndipo yankho lake mulichotse pa kutentha kwa chipindacho. Holo ikakhala pa madigiri 22, chinyezi 60 peresenti, ndiye kuti 40 kugawa ndi 5 ndi 8, ndipo 22 kuchotsa 8 ndi 14. Kiyibodi imene yagona pa madigiri 3 ili pansi pa 14 ndi madigiri 11 athunthu, choncho ichita thukuta kunja ndi mkati momwe. Masamu amenewa amayenda bwino chinyezi chikapitirira 50 peresenti.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Holo yotenthetsedwa koma yopanda anthu m'nyengo yozizira imakhala youma ndithu, chifukwa mpweya wake ndi ule wozizira wapanja umene wangofunditsidwa popanda kuwonjezera madzi. Pa madigiri 20, chinyezi 40 peresenti, mame amayambira pa madigiri 6 okha. Holo yomweyo ikadzaza ndi anthu ovina, opuma, otuluka thukuta, majekete onyowa ndi mvula atapachikidwa pamipando, m'khitchini yapafupi miphika ya nsima ndi mpunga ikuwira, imatha kufika pa madigiri 25, chinyezi 80 peresenti. Pamenepo mame amayambira pa madigiri 21. Kiyibodi imodzimodziyo ikalowa masana holo ili mbee ilibe vuto lalikulu, koma ikalowa usiku mwambo uli mkati imanyowa ngati yagwera mumtsuko. Ndiye chifukwa chake kufika msanga pamalo oimbira kumateteza zida kuposa bokosi lodula.

Madzi a mame paokha ndi oyera ndipo sanyamula magetsi kwambiri. Vuto ndi zimene amapeza pa bolodi, kathabwa ka mkati kokhala ndi tinjira ta magetsi. Kiyibodi imene yayenda m'misewu yafumbi zaka zingapo ili ndi fumbi mkati, mchere wa thukuta la m'zala umene umatsikira pakati pa makiyi, ndi zotsalira za mankhwala owotchererera. Madzi akasakanikirana ndi zimenezi amasanduka njira ya magetsi, ndipo timiyendo tambiri ta ma chip, tizipangizo tating'ono ta pa bolodi, timatalikirana kosakwana milimita imodzi, kadontho kamodzi n'kokwanira kulumikiza tiwiri. Kiyibodi imatha kuima pa dzina la kampani osapitirira, kudziyatsa ndi kudzizimitsa, kapena kulira phokoso la mwachisawawa m'masipika. Ngati power supply yake, gawo lolandira magetsi a pakhoma, ili mkati, pali malo amene magetsi a mavoti 230 amasanduka pafupifupi mavoti 325, ndipo pamenepo chinyezi chimatha kuthethetsa moto ndi kupsereza bolodi. Choipa kwambiri sichionekera tsiku lomwelo. Magetsi akamadutsa m'madzi amadya kopa pang'onopang'ono, n'kusiya dzimbiri lobiriwira kapena loyera, ndipo chidacho chimadzafa patapita milungu mutabwerera kale kwanu, wina aliyense ataiwala za usiku uja. Mabuku a malangizo a Roland ndi Yamaha amanena poyera kuti chida chikasamutsidwa pakati pa malo osiyana kutentha chisiyidwe maola angapo chisanayatsidwe, ndipo Yamaha amalemba pa zida zake zambiri kuti zinayesedwa kugwira ntchito pakati pa madigiri 5 ndi 40.

Mukafika nayo pamalo oimbira

Kiyibodi ikhale yoyamba kutsitsidwa m'galimoto, masipika ndi ng'oma zibwere pambuyo. Ilowetseni bokosi lili chitsekere, muiike pa tebulo kapena pa mipando iwiri, osati pansi pa simenti, ndipo italikirane ndi hita kapena rediyeta mita imodzi kapena kuposerapo. Bokosi lotseka limachita ntchito ziwiri: limaletsa mpweya wonyowa kufika pa chitsulo chozizira, komanso limalola kutentha kulowa pang'onopang'ono. Thukuta likabwera limabwera pa bokosi, osati pa bolodi.

Kutalika kwa nthawi yodikira kumadalira kulemera kwa chida ndi mtundu wa bokosi. Kiyibodi yopepuka ya makiyi 61 ya pulasitiki, ili m'chikwama chansalu, imafunda pa ola limodzi kapena awiri. Ya makiyi 88 olemera ngati a piyano ili ndi tizitsulo tolemera pansi pa kiyi iliyonse ndi chimango chachitsulo, ndipo imalemera makilogalamu 18 mpaka 30. Chitsulo chochuluka chotero chimasunga kuzizira nthawi yaitali, ndipo siponji ya mu flight case, bokosi lolimba la paulendo, imene imachedwetsa kuzizira kulowa ndi yomweyonso imachedwetsa kutuluka. Yoteroyo ikagona panja usiku wonse ipatseni maola atatu kapena anayi. Ola lomaliza mutha kumasula zotsekera ndi kukweza chivundikiro pang'ono, ngati zala ziwiri, kenako n'kutsegula chonse.

Poyesa ngati yafunda musagwire makiyi, chifukwa pulasitiki imafunda msanga ndipo imanyenga. Gwirani ndi kuseri kwa dzanja chitsulo chakumbuyo kumene kuli mabowo a majeki, kapena chapansi. Chikamveka chozizira kuposa tebulo limene chakhalapo, nthawi sinakwane. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha patali amate kachidutswa ka tepi yakuda pa chitsulocho n'kuyeza pa tepipo, popeza chitsulo chonyezimira chimapereka nambala yabodza. Kunja kwa kiyibodi kukafunda onjezani theka la ola, chifukwa zamkati zimatsalira m'mbuyo.

Pali njira yofulumizira imene ojambula zithunzi amagwiritsa ntchito pa makamera awo. Mukadali panja pozizira, tulutsani kiyibodi m'bokosi, muilowetse m'thumba lalikulu la pulasitiki lopanda bowo, finyani mpweya wambiri utuluke, mangani kukamwa kwake ndi tepi kapena chingwe, ndiye mulowe nayo. Popanda siponji imafunda mwachangu, ndipo mame onse amagwera kunja kwa thumba. Mkati mwatsekeredwa mpweya wozizira wapanja umene uli ndi madzi ochepa kwambiri. Matumba awiri akuluakulu a zinyalala, lina kuchokera kumanja lina kumanzere, omatidwa pakati, amakwana pa kiyibodi ya makiyi 88. Pukutani thumbalo musanalitsegule.

Nthawi ikakhala yochepa zedi, ifunditseni m'njira. Ikwere kumene kukukhala anthu, hita ya galimoto itayatsidwa, mpweya ukulowa kuchokera panja osati kuzungulira womwewo umene anthu akupuma. Ngati galimotoyo ili ndi air conditioner, iyatseni pamodzi ndi hita chifukwa imaumitsa mpweya. Ulendo wa maola awiri wotero umafikitsa chida chili chokonzeka. Chimene simuyenera kuchita ndi kuipemerera ndi chowumitsira tsitsi kapena kuitsamiritsa pa rediyeta. Kunja kumatentha mkati mukadali mozizira, mpweya wofunda umakankhidwira m'mipata kupita pa bolodi, ndipo makiyi a pulasitiki amatha kupindika osawongokanso.

Zimene kuzizira kumachita pa chiwalo chilichonse

Ngakhale madzi palibe, kiyibodi yozizira siimba ngati mmene mumaidziwira, ndipo ndi bwino kudziwa zizindikiro zimene zimatha zokha ndi zimene zikufuna mmisiri.

Sikirini ya LCD imachedwa. Timadzi ta mkati mwake timalimba ngati uchi wa m'mawa, ndiye zilembo zakale zimatsalira ngati chithunzithunzi pamene zatsopano zikubwera, ndipo nthawi zina sikirini imaoneka yotuwa. Izi zimatha ikafunda, musayambe kusintha makonzedwe ake. Sikirini yodina ndi chala musaikanikize mwamphamvu poganiza kuti sinamve.

Makiyi amalemera chifukwa girisi ya m'malo opindikira imalimba. Pa makiyi olemera ngati a piyano zimamveka kwambiri: kiyi imabwerera mochedwa, ndipo kubwereza noti imodzi mofulumira kumakanika. Izinso zimatha zokha. Wina akathira mafuta a makina kapena WD-40 pakati pa makiyi ndiye kuti wabweretsa vuto lokhalitsa, chifukwa mafutawo amasungunula girisi yoyenera, amafewetsa mphira ndipo amakoka fumbi.

Pansi pa kiyi iliyonse pali kachikho ka mphira kokhala ndi timabatani tiwiri ta kaboni, pa zida zina titatu. Mukadina kiyi, kabatani koyamba kamakhudza bolodi, kenako kachiwiri, ndipo kompyuta ya mkati imayeza nthawi imene yadutsa pakati pake. Nthawi yaifupi ndiye kuti mwamenya mwamphamvu, yaitali ndiye kuti mwadina mofatsa, ndipo zonsezi zimasanduka nambala ya pakati pa 1 ndi 127. Chinyezi kapena litsiro likasokoneza kabatani kamodzi, muyeso umalakwika, ndiye noti imodzi imalira mokuwa nthawi zonse ngakhale muisisite bwanji, kapena siilira n'komwe. Ikachita zimenezi itangochoka kozizira, zimitsani, idikireni iume. Ikapitiriza tsiku lotsatira, timabatanito tikufunika kutsukidwa.

Ma capacitor a mu power supply, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, ali ndi timadzi mkati, ndipo kukazizira mphamvu yawo imachepa. Atsopano amapirira popanda vuto. Okalamba, amene auma kale ndi zaka khumi kapena khumi ndi zisanu za kutentha, ndi amene amagonja. Kiyibodi imakana kuyaka ulendo woyamba, imayaka wachitatu, kapena adaputa yake imalira kamluzu kakang'ono. Ikafunda imayenda bwino ndipo mwini wake amaiwala. Musaiwale, kuzizirako kwangoulula matenda amene analipo kale, ndipo ma capacitor amenewo asinthidwe ulendo wina usanafike. Popeza makiyibodi ambiri a m'matchalitchi ndi m'magulu oimba kwathu kuno anagulidwa atagwirapo kale ntchito kunja, vuto ili ndi lofala kuposa mmene anthu amaganizira. Chimodzimodzi malo owotcherera amene ali ndi mng'alu wosaoneka. Chitsulo, bolodi ndi pulasitiki zimafota mosiyana kukazizira, ndiye mng'aluwo umatseguka, jeki ya kumanzere n'kusiya kutulutsa mawu mpaka chidacho chitafunda.

Zida zakale monga Yamaha DX7 ya 1983 ndi Korg M1 ya 1988 zimasunga mawu ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka mavoti 3. Kakakhala kofooka kale, usiku umodzi wachisanu umatha kukatsitsa mpaka zonse zimene munasunga n'kufufutika, ndipo pa M1 ngakhale mawu a ku fakitale amapita nawo. Kayezeni musananyamuke, ndipo kakayandikira 2.7 kasintheni, koma mutasunga kaye mawu anu kwina, chifukwa kuchotsa batire kumafufutanso. Zida zatsopano sizidalira batire posunga mawu, komabe kukopera zonse pa ma USB awiri, imodzi m'thumba la malaya ina kwa mnzanu, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Amene akugwiritsabe ntchito Yamaha PSR-550 kapena PSR-2000 za ma floppy asalowetse diski yozizira mu makina ofunda, ndipo diskizo ziziyenda m'jekete. Zida zosunga mawu pa hard disk, diski ya mkati yozungulira, ndi zimene sizifunika kuyatsidwa zozizira ngakhale pang'ono. Korg Kronos imasunga mawu pa SSD, yomwe ilibe chozungulira, koma mkati mwake ndi kompyuta yeniyeni yokhala ndi fani imene imakoka mpweya wa mu holo kupita pa bolodi, choncho nayonso idikire.

Nkhani ya kusokonekera kwa kiyi ya nyimbo imafuna kusiyanitsa. Kiyibodi ya digito siisuntha mawu ndi kuzizira moti khutu n'kumva. Zimene zimasuntha ndi ma synthesizer a analog, makiyibodi opanga mawu ndi magetsi osati ndi kompyuta, monga Minimoog kapena Prophet-5, ndipo amafuna mphindi 15 mpaka 30 ali oyatsa asanakhazikike. Prophet-5 inabwera ndi batani la Tune pa chifukwa chomwechi, ndipo lidinidwe chidacho chitafunda, osati chitangoyatsidwa. Ngati pa siteji pali kiyibodi ya digito ndipo mawu sakugwirizana, yang'anani kwa ena: malipenga ndi zitoliro zimatsika mawu mumpweya wozizira, ndipo nsambo za gitala zimasuntha. Woimba kiyibodi amanamiziridwa kawirikawiri pa mlandu umenewu.

Pulasitiki yozizira imasweka msanga. Kugunda pa chitseko kumene masana a ku Salima sikukanasiya chizindikiro kumathyola kona kapena kachitsulo kopotokolera mawu m'mawa wa Januwale ku Glasgow. Mawaya nawo amauma gwa. Musawawongole mokakamiza, makamaka kawaya kopyapyala ka adaputa kamene kamaduka pakhosi pomwe kakulowa m'pulagi. Alowe m'nyumba pamodzi ndi kiyibodi, afewe kaye.

Mabatire wamba a alkaline amatha mphamvu msanga pozizira, koma amatsitsimuka akafunda m'thumba. A lithium-ion, a mu laputopu, mu tabuleti ndi m'masipika otchaja, asatchajidwe ali pansi pa madigiri 0, chifukwa amawonongeka mkati mosabwereranso. Laputopu imene yagona m'galimoto idikire ngati kiyibodi musanasomeke chaja.

Bokosi, galimoto ndi ndege

Palibe bokosi limene limapanga kutentha. Bulangete limafunditsa munthu chifukwa thupi lake likutulutsa kutentha, koma kiyibodi yozimitsidwa ilibe chotulutsa. Siponji ndi mabulangete zimangochedwetsa, ndipo pa ulendo wa maola atatu kapena anayi kuchedwetsako n'kokwanira: chida chimene chatuluka m'nyumba yofunda chimafika chisanazizire mpaka mkati. Pa usiku wathunthu, bokosi lililonse limafanana ndi kunja. Choncho lamulo losavuta ndi lakuti kiyibodi igone kumene mwini wake wagona, ngakhale zikutanthauza kukwera nayo masitepe atatopa. Izi zimatetezanso ku akuba, amene amazidziwa bwino galimoto za oimba.

Ngati palibiretu kuchitira mwina, isakhudze pansi pa galimoto kapena m'mbali mwake, chifukwa chitsulo chimenecho ndi chimene chimazizira kwambiri. Yalani makatoni kapena thabwa, ikani kiyibodi pakati pa katundu wina, fundikani bulangete, ndipo pamwamba pake muyale pulasitiki, popeza denga la galimoto yonyamula katundu limachita thukuta ndi kudontha m'mawa. Ku Britain misewu imathiridwa mchere kukagwa chisanu, ndipo matope a mcherewo amakakamira ku mateyala a bokosi ndi ku nsapato. Pukutani bokosi musanalitsegule, ndipo musaike mawaya pansi ponyowa, chifukwa madzi a mchere amadya majeki mofulumira.

Kulongedza mwambo ukatha kuli ndi msampha wakenso. Mukatseka bokosi pa siteji, mwatsekera mpweya wofunda wa anthu ovina uja, ndipo ukazizira m'galimoto madzi ake amagwera mkati. Kunena zoona, mpweya wa m'bokosi ndi wochepa, ndipo madzi a usiku umodzi sakwana galamu imodzi. Koma amasankha chitsulo chozizira kwambiri, ndipo siponji imawamwa usiku ndi usiku mpaka bokosi limayamba kununkha chuku. Siponji imene yanyowa ndi mvula pamene bokosi linali lotsegula panja ndiyo imasunga madzi ochuluka. Pukutani makiyi ndi nsalu youma, tulukani ndi kiyibodi kukhonde lozizirirako kapena kuchipinda chakumbuyo, ipume mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndiye mutseke. Tsiku lopuma, siyani bokosi lopanda kanthu lili chitsegulire m'chipinda chofunda.

Silica gel, timikanda toyamwa chinyezi, amathandiza pa chinyezi chotsalira chotere. Timapaketi ta m'mabokosi a nsapato n'tochepa kwambiri ndipo nthawi zambiri tadzaza kale. Pa bokosi la makiyi 88 ikani magalamu 150 kapena 200, m'timatumba tansalu tiwiri kapena titatu, kumapeto onse awiri, pamalo pamene sitingapanikize makiyi. Gulani wosintha mtundu: wa lalanje amasanduka wobiriwira kapena wotuwa akadzaza, wa buluu amasanduka wa pinki. Kuti agwirenso ntchito, khuthulirani timikandato m'mbale yachitsulo n'kuika mu uvuni pa madigiri 120 kwa ola limodzi kapena awiri. Amagwira ntchito pang'onopang'ono komanso m'bokosi lotseka lokha, ndiye musayembekeze kuti apulumutse chida chimene mwachitsegula chozizira mu holo yodzaza. Mpunga umene ena amati umaumitsa zida usiyeni wodyera ndiwo, umangobweretsa fumbi pansi pa makiyi.

Pa ndege, chipinda cha katundu chili ndi mpweya wopanikizidwa ngati cha anthu koma sichifunditsidwa mofanana, ndipo katundu amatha kudikira panja pa ngolo nthawi yaitali. Ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre amasinthira ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo Addis Ababa ili pamtunda wopitirira mamita 2,300, kumene usiku wa Disembala ndi Januwale umazizira ndithu. Thumba la pulasitiki lija likulungidwe pa kiyibodi musanaiike m'bokosi. Pobwerera ndiye pofunika kusamala koposa, ngakhale palibe amene amaganiza za kuzizira atatsika pa Chileka. Mpweya wa Januwale wa madigiri 27, chinyezi 75 peresenti, umagwetsa mame pa chilichonse chozizira kuposa madigiri 22. A kasitomu akafuna kuona, tsegulani bokosi, aone kudzera m'pulasitiki ngati alola, mutsekenso. Kumbukiraninso kuti ndege zambiri zimalola makilogalamu 23 pa katundu mmodzi ndipo sizilandira wopitirira 32, pamene kiyibodi ya makiyi 88 mu flight case imapitirira mosavuta. Nthawi zambiri nzeru ndi kubwereka chida cha mtundu womwewo kumene mukupitako, inu n'kungonyamula mawu anu pa USB. Mabatire a lithium apadera ayende m'chikwama cha m'manja, ndilo lamulo la ndege.

Kuimba panja, ndi kuzizira kwa kwathu kuno

Sikuti mpaka muwoloke nyanja kuti mukumane nazo. Mu Juni ndi Julayi, mapemphero a usiku wonse ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzuzu amachitika pozizira mokwanira kugwetsa mame pa zida. Usiku wopanda mitambo komanso wopanda mphepo ndi umene uli woopsa, chifukwa chinthu chilichonse choyang'ana kumwamba chimataya kutentha n'kuzizira kuposa mpweya wochizungulira. N'chifukwa chake denga la galimoto limanyowa pamene pansi pa mtengo pali pouma. Tenti kapena lona pamwamba pa woimba kiyibodi imaletsa zimenezi ngakhale mvula kulibe. Kiyibodi ikayatsidwa ili youma, isiyeni yoyaka mpaka mwambo utatha, ngakhale pa nthawi ya ulaliki, chifukwa kutentha pang'ono kumene imapanga kumasunga mabolodi ali ofunda kuposa mlingo wa mame. Tsitsani voliyumu, fundikani makiyi ndi chitenje chouma, koma musatseke mabowo otulutsira mpweya. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza imene imalowa paliponse, ndipo zida zonyamulidwa pa lole yopanda denga zimafunika pulasitiki pansi ndi pamwamba pomwe.

Samalani ndi zotenthetsera. Hita ya gasi yopanda chumuni imatulutsa nthunzi yambiri: kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikapsa imapanga madzi opitirira kilogalamu imodzi ndi theka. Mu tenti yotseka, madzi amenewo amakagwera pa chilichonse chozizira. Ya palafini ili ndi khalidwe lomwelo. Mbaula ya makala imabweretsa phulusa m'makiyi, ndipo pamalo otseka utsi wake wosaoneka umapha anthu. Zala za woimba zitenthetsedwe ndi magolovesi odula kumapeto ndi kapu ya tiyi, kapuyo ili pansi, osati pa kiyibodi.

Ku Johannesburg ndi ku Bloemfontein kuzizira kwa Juni ndi Julayi ndi kwa mtundu wina. M'mawa udzu umayera ndi chisanu, koma mpweya ndi wouma kwambiri, ndiye mame mu holo si vuto lalikulu ngati ku Britain. Kumeneko chovuta ndi timagetsi tija timathetheka mukagwira chitseko mutavala juzi n'kuyenda pa kapeti. Kuthetheka kumodzi pa bowo la USB kumatha kuimitsa kiyibodi pakati pa nyimbo. Gwirani kaye chitsulo cha sitandi kapena cha mikisa musanasomeke chilichonse.

Ikanyowa kale

Mukatsegula bokosi n'kupeza makiyi ndi sikirini zachita nkhungu, musayatse kuti muone ngati ikugwira, chifukwa kuyesako ndi kumene kumapsereza. Ngati munayatsa kale, zimitsani, zulani pulagi pa khoma, chotsani mabatire. Pukutani kunja ndi nsalu yofewa, muiike m'chipinda chofunda chouma, ndipo fani wamba iziomba chapatali. Ngati ndi mame chabe a kusintha kwa malo, maola anayi mpaka asanu ndi limodzi amakwana. Ngati madzi anachita kulowa, a mvula kapena odontha kudenga, ipendekereni makiyi atayang'ana pansi pang'ono kuti madzi atulukire kutsogolo, ndipo ikhale maola 24 mpaka 48. Usiku umenewo bwerekani ina.

Madziwo akakhala a mchere kapena a chakumwa chotsekemera, kuumitsa kokha sikuthandiza, popeza zotsalira zake zimakokanso chinyezi nthawi iliyonse. Mmisiri atsegule, atsuke bolodi ndi mankhwala otsukira a isopropyl a 99 peresenti ndi kabulashi kofewa. Sipiliti yofiirira ya m'magolosale imasiya utoto ndi zotsalira, isayandikire bolodi. Timabatani ta kaboni tipukutidwe mopepuka ndi kathonje konyowetsa pang'ono, osapala ndi sandipepa kapena lezala, chifukwa kaboniyo ndi yopyapyala ndipo ikachoka kiyiyo imafuna mphira yatsopano. Wotsegula akumbukire kuti capacitor yaikulu ya mu power supply imasunga magetsi kwa kanthawi pulagi itazulidwa kale, ndipo aiyeze ndi mita asanaikhudze. Pomasula, ajambule chithunzi cha mawaya apulatipulati a mkati asanawazule, chifukwa amalowa mbali imodzi yokha ndipo timano take tapulasitiki timathyoka msanga m'chipinda chozizira.